Ku Eswatini ndi chikwama kumsana: kuchoka ku Johannesburg mpaka kukagona ku Mlilwane

Chionetsereni anthu chithunzi cha njiri itagona m'phulusa pambali pa moto ngati agogo ozizidwa, foni yanga sikupuma. Funso ndi lomwelomwelo: "Achimwene, kumeneko ndi kuti? Munthu wopanda galimoto angakafike?" Ndayankha pa WhatsApp, ndayankha potuluka m'tchalitchi, tsiku lina ndinayankha ndili pa mzere wotumiza ndalama kumudzi. Pakamwa patopa. Ndalemba pano kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Malowo ndi Mlilwane, nkhalango yosungirako nyama m'dziko la Eswatini, lomwe ambiri tikulitchulabe Swaziland ngakhale Mfumu Mswati III idasintha dzinali mu April 2018. Ndi kadziko kakang'ono, makilomita 17,000 ndi kanthu mbali zonse, anthu ake pafupifupi 1.2 miliyoni. Ndikulembera makamaka inu amene muli kuno ku Joni, chifukwa ulendowu mutha kuuyamba Lachisanu m'mawa n'kubwera Lolemba.

1. Tsegulani pasipoti musanatsegule chikwama

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anthu athu amagwera, ndipo olemba za maulendo sanenapo kanthu popeza mapasipoti awo sawapweteketsa mutu.

Kulowa mu Eswatini si vuto. Pasipoti ya Malawi imalowa popanda viza, amakudindirani masiku 30. Vuto lili pa windo la South Africa, lomwe mudutsepo kawiri, potuluka ndi pobwerera. Ndiye khalani pansi, tsegulani tsamba lomwe pali chidindo chomaliza, muwerenge deti ndi maso anu, osati ndi m'mutu.

Ngati muli ndi pemiti ya ntchito kapena ya sukulu yomwe idakali ndi moyo, pitani bwino, bola isathere muli uko.

Ngati munalowa monga mlendo wa masiku 30, werengani otsala. Pali mphekesera yomwe imayenda m'marenki yoti ukatuluka kupita dziko loyandikana nalo, pobwera amakupatsa masiku 30 atsopano. Musaidalire. Munthu wochokera ku Eswatini kapena ku Lesotho nthawi zambiri amamubwezera pa chidindo chake chakale, masiku amapitirira pomwe analekezera. Ulendo uno ndi wokaona mbidzi, si wotsukira pasipoti.

Ngati masiku anatha kale, musapite. Ndanena mosapsatira. Kale munthu wa overstay ankalipira chindapusa n'kupitirira, koma kuyambira 2014 lamulo lidasintha: potuluka amakulemba kuti ndiwe undesirable, kutanthauza wosafunika m'dzikolo. Ukapitirira ndi masiku osaposa 30, chaka chimodzi osalowanso. Ukapitirira masiku 30, zaka 5. Choopsa chake n'chakuti iwo sakukanizani kutuluka. Amakudindirani, mumalowa mu Eswatini mukuseka, chitseko chatsekeka kumbuyo kwanu. Ndikudziwa mnyamata wina zidamuchitikira. Zovala zake, firiji yake, malipiro a mwezi umenewo, zonse zidatsala ku Johannesburg. Iye adatulukira chipata cha Lomahasha kulowa ku Namaacha, n'kukwera mabasi kuchoka ku Maputo kudzera ku Tete mpaka ku Mwanza, ndi chikwama chomwe adalongedza cha masiku atatu.

Awiri enanso amene sayenera kuyesa: amene muli ndi pepala la asylum, chifukwa kutuluka m'dzikomo popanda chilolezo kumaliphetsa pepalalo, ndi amene pasipoti yanu imapita yokha kumalire kukadindidwa inu muli pa ntchito. Timadziwana. Chidindo chikhoza kuoneka bwino pa tsamba, koma wa pa windo amayang'ana pa kompyuta.

Pomaliza onani kuti pasipoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndi masamba awiri opanda kanthu. Ulendowu umadya zidindo zinayi.

2. Sankhani nthawi, kenako sungitsani malo

May mpaka August ndi nyengo yozizira, youma, udzu ndi waufupi ndipo nyama zimaoneka patali. Kwa ine nthawi yabwino ndi imeneyi. October mpaka March ndi mvula, kotentha, ziphaliwali zake zosaseweretsa. Dzina loti Mlilwane lomwelo limatanthauza kamoto, chifukwa cha moto womwe mphenzi zinkayatsa pa phiri la m'nkhalangomo.

Pali nthawi zitatu zomwe malo amadzaza. Kumapeto kwa May kumakhala chikondwerero cha zoimbaimba cha Bushfire ku Malkerns, kuseri kwenikweni kwa Mlilwane. Kumapeto kwa August kapena koyambirira kwa September kuli Umhlanga, gule wa bango, pomwe atsikana zikwizikwi amabweretsa bango kwa mayi wa mfumu ku Ludzidzini. Ndiye December, nthawi ya tchuthi komanso ya Incwala, mwambo waukulu wa chifumu wolawa zokolola zoyamba. Ngati mukufuna zimenezi, sungitsani malo miyezi isanakwane. Ngati mukufuna bata, zilambalaleni.

Mlilwane imayendetsedwa ndi bungwe la Big Game Parks, lomwenso limayang'anira Hlane ndi Mkhaya. Malo otchipa ogona ndi Sondzela Backpackers, mkati mwa nkhalango momwemo. Sondzela ndi mawu omwe ife timati sendera. Posungitsa malo funsani zinthu zitatu: mtengo wa bedi, ndalama yolowera pa chipata, yomwe ndi yapadera, ndi pomwe munthu wobwera pa kombi ayenera kutsikira. Funso lachitatuli mudzandithokoza nalo pa sitepe 6.

3. Ndalama ndi foni

Ndalama yawo ndi lilangeni, zikachuluka emalangeni, ndipo mphamvu yake ndi chimodzimodzi ndi rand, imodzi kwa imodzi. Simufunika kusintha. Ma rand a pepala amalandira paliponse, koma achitsulo ambiri amawakana, ndipo chenji adzakubwezerani mu emalangeni. Nyamulani mapepala ang'onoang'ono a 10, 20 ndi 50. Kondakitala wa kombi mukamupatsa 200 m'mawa, nkhope yake ndi yomwe mukuidziwa ya ku Wenela ija.

Layini yanu ya ku South Africa ikangowoloka malire imayamba kudya mayunitsi ngati chiswe. Zimitsani data. Ngati mukhala masiku opitirira atatu, gulani simu ya MTN Eswatini kapena Eswatini Mobile ku Mbabane, pasipoti ili m'manja chifukwa amalembetsa. Masoketi ndi omwewo a ku South Africa a mano atatu ozungulira.

4. Chikwama chimodzi, cha kumsana

Sutukesi ya matayala isiyeni. Njira yomaliza ndi ya fumbi ndi miyala. M'chikwamamo muikemo nsapato zotseka zomwe munaziyendera kale, buluku lalitali, juzi lokhuthala ngakhale kunja kukutentha, tochi, botolo la madzi, thaulo, kaloko kakang'ono, mankhwala othamangitsa tizilombo ndi chipewa. Amayi, chitenje musachisiye: ndi chofunda m'kombi, ndi mphasa pa phiri, ndipo mukafuna kulowa pa malo a chifumu chimakuchotsani manyazi. Ine ndimaponyamonso mthiko waung'ono. Musaseke, muona.

5. Kuchoka ku Johannesburg ndi kuwoloka malire

Matakisi opita ku Mbabane ndi ku Manzini amanyamukira m'marenki oyandikana ndi Park Station. Alibe nthawi yake, amanyamuka akadzaza, choncho fikani m'mamawa kuti mukwere yoyamba. Palinso timabasi ta nthawi yoikika tochokera ku bwalo la ndege la OR Tambo, todula koposa koma tosachedwetsa. Msewu wake ndi wa maola 4 kapena 5 kudutsa m'minda ndi m'migodi ya malasha ya Mpumalanga.

Chipata ndi chimodzi koma mayina awiri: Oshoek mbali ya South Africa, Ngwenya mbali ya Eswatini. Aliyense amatsika. Mumadinditsa kotulukira, n'kupita kukadinditsa kolowera, galimoto mumaipeza kutsogolo. Musanatsike, lowezani nambala yake kapena zindikirani munthu mmodzi amene mwakwera naye, chifukwa pamakhala makombi oyera ofanana ngati nkhunda. Akakufunsani komwe mukagone, tchulani dzina la malo, osati "ndikaona konko". Mukalandira pasipoti, onani chidindo musanachoke pa windo. Osajambula zithunzi pamenepo.

Oshoek ali pamwamba, mphepo yake mu June imaposa ya pa Dedza. Juzi lija likhale pafupi, osati pansi pa chikwama. Kuchoka apo kukafika ku Mbabane ndi makilomita pafupifupi 20 basi.

6. Kuchoka ku Mbabane kukafika pa chipata

Apa ndi pena pomwe mabuku amangoti "kwerani kombi yopita ku Ezulwini", ngati kuti nkhani yatha.

Pakati pa Mbabane ndi Manzini pali misewu iwiri. Wina ndi waukulu, MR3, womwe magalimoto amangouluka osaima. Wina ndi wakale, MR103, womwe umatsika m'chigwa cha Ezulwini n'kudutsa ku Lobamba ndi ku Mahlanya. Inu mukufuna wakalewo. Cholakwa chomwe pafupifupi aliyense amachita ndi kukwera kombi yolembedwa Manzini poganiza kuti idutsa pomwepo, n'kuona phiri la Mlilwane likudutsa pa windo uku galimoto ili pa liwiro. Pa renki ya Mbabane funsani ya ku Ezulwini, ku Lobamba kapena ku Mahlanya, ndipo muuzeni dalaivala yemweyo kuti mukupita ku Mlilwane. Safunsa anadya phula.

Kombi ikatsika chitunda cha Malagwane, makutu akatsekeka pang'ono, mwalowa Ezulwini, kutanthauza kumwamba. Tsikani kaye pa The Gables, pomwe pali masitolo akuluakulu, mugule chakudya cha masiku onse: ufa, mazira, tomato, anyezi, buledi, tiyi. Mukalowa m'nkhalango mulibe golosale ya pa kona.

Tsopano mvetsetsani. Kombi siifika pa chipata. Imakusiyani pa mphambano ya pa tala, ndipo kuchoka apo kukafika pa chipata cha Sangweni pali makilomita angapo. Mukalipira pa chipata, pali makilomita enanso kukafika pa msasa waukulu, ndipo Sondzela ili kupitirira apo. Ulendo wanga woyamba ndinaona pa mapu kuti ndi pafupi, ndinati mwana wa kumudzi sangaope kuyenda. Ndinatsika cha m'ma 3 koloko masana, chikwama kumsana, jumbo ya ufa ndi mazira kumanja. Pofika pa chipata malaya anali atamatirira, mazira awiri atasweka, dzuwa likupendekera ku phiri, ndipo mlonda anandiyang'ana ngati mwana wothawa kwawo. Munthu wapansi saloledwa kuyenda m'nkhalango kukada, ndipo ali ndi chifukwa: mvuu zimatuluka m'madzi madzulo kukadya udzu. Ndinapulumukira banja lina lomwe linali ndi malo kumbuyo kwa bakki yawo.

Ndiye chitani chimodzi mwa izi. Chosavuta ndi kutenga takisi ya hayala pa The Gables, mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo munene momveka kuti akakusiyeni pa Sondzela penipeni, osati pa chipata. Tengani nambala ya dalaivalayo kuti adzakutengeni pobwerera. Mukakhala atatu kapena anayi mtengowo supweteka. China ndi kutsatira zomwe anakuuzani posungitsa malo, chifukwa Sondzela ili kufupi ndi mbali ya Malkerns, ndipo eni ake ndi amene angakuuzeni ngati pali galimoto yotenga alendo ndi pomwe imaima. Ngati mwatsimikiza kuyenda pansi, mukhale mutatsika kombi isanakwane 1 koloko, madzi ali m'botolo. Mukachedwa pa malire n'kufika ku Mbabane dzuwa litapendeka, gonani ku Ezulwini, malo otchipa aliko, mulowe m'mawa.

7. Kugona ndi kudya

Ku Sondzela kuli zipinda za mabedi osanjikiza zogona anthu ambiri, tinyumba tozungulira ta anthu awiri, ndi bwalo lokhomapo tenti. Kuli khitchini ya onse. Lembani dzina pa chakudya chanu musanaike mu firiji, tsukani poto mukangomaliza, ndipo musasiye buledi panja, apusi akuyang'anani kale. Mapoto alipo koma mthiko woona mulibe, n'chifukwa chake ndinanena zija. Usiku wina ndikuvundula nsima, achinyamata awiri a ku Ulaya anaima kumbuyo kwanga mpaka ndinawagawira, mmodzi anapsa chala chifukwa anakana kudikira.

Ku msasa waukulu kuli nyumba za udzu zozungulira ngati dengu lovundikira, zomangidwa mwa chikhalidwe cha Aswazi, khomo lake lolowa chowerama. Kulinso malo odyera otchedwa Hippo Haunt, oyang'ana pa dziwe. Ngakhale thumba lili lopepuka, pitani mukamwe tiyi kumeneko kamodzi. Pabwalo pali moto womwe ogwira ntchito amanena kuti sunazimepo kwa zaka makumimakumi, ndipo njiri zija zimabwera kudzaotha, kugwada ndi maondo akutsogolo n'kudzigwetsa m'phulusa lofunda. Musazisisite. Mano aja si okongoletsa.

8. Kuyenda pakati pa nyama

Chomwe chimasiyanitsa Mlilwane ndi Kruger kapena Liwonde n'chakuti mulibe mikango kapena njovu, choncho mumayenda pansi nokha, opanda mfuti, opanda galimoto. Pamalopa panali munda ndi migodi ya tini, nyama zitatha. Ted Reilly, mwana wa mwini munda, ndiye adausandutsa nkhalango cha m'ma 1960, n'kumabweretsa nyama kuchokera kwina. Lero ndi mahekitala 4,560 a mbidzi, nyumbu, nswala, ngoma, njiri ndi boo, uja timanyadira naye ku Lengwe, amene kuno amadya udzu pakhomo pa bafa.

Yambani ndi njira yotchedwa Hippo Trail, ya maola awiri kapena atatu, yosavuta. Tengani mapu ku ofesi ndipo muwauze komwe mukupita. Tsiku lachiwiri, ngati mawondo alipo, kwerani Nyonyane, phiri la mamita pafupifupi 1,100 lomwe nsonga yake imatchedwa Execution Rock. Mbiri yake imati kale anthu opezeka olakwa, kuphatikizapo oganiziridwa ufiti, ankawakankhira kuphompho kuchokera pamenepo. Nyamukani kukungocha. Nthawi ya mvula mukhale mutatsika mitambo isanasonkhane masana, pamwamba paja palibe pobisala mphenzi. Njinga za kapalasa ndi mahatchi amabwereketsa ku msasa waukulu.

Kusowa kwa mikango kusakupusitseni. M'madziwe muli ng'ona zazikulu ndithu, ndipo wa ku Mangochi safunika kuuzidwa kuti pakati pa mvuu ndi madzi sipaimidwa. Osasamba, osatsuka mapazi m'mphepete. Njoka ziliko, yendani m'njira. Koma mdani weniweni ndi wamng'ono: nkhupakupa. Lowetsani buluku m'sokosi ngakhale muoneke ngati mlonda wa estate, ndipo madzulo dzifufuzeni m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Mukadzamva mutu ndi kutentha thupi patatha sabata, muli ndi kachilonda kakuda pakati, musangoti ndi malungo n'kugula mapiritsi. Muuzeni dokotala kuti munayenda m'tchire.

9. Pakamwa panu

Moni ndi "Sawubona" kwa mmodzi, "Sanibonani" kwa ambiri kapena kwa wamkulu, yankho ndi "Yebo". Zikomo ndi "Ngiyabonga". Bambo wamkulu ndi "Babe", mayi ndi "Make". Perekani moni musanafunse njira, ndipo landirani chinthu ndi manja awiri monga kwathu. Chakudya sichikudabwitsani: sishwala ndi nsima, emasi ndi chambiko, umbidvo wetintsanga ndi nkhwani wotendera.

Ngati ndinu wa ku Ntcheu, nenani. Angoni a Maseko, a Inkosi Gomani, adachokera m'dera lomweli cha ku mtsinje wa Usutu, ndipo dzina la Maseko mudzaliona pa zikwangwani za masitolo. Incwala yawo ndi Nc'wala ya kwa Mpezeni ku Chipata ndi mawu amodzi. Ndinatchula izi kwa bambo wina m'kombi, anatembenuka thupi lonse kundiyang'ana, ndipo pofika pa Mahlanya anali atandigulira chinanazi.

Za ndale zisiyeni. Ku Eswatini mfumu ndiyo imalamula, zipani zidaletsedwa mu 1973 nthawi ya Sobhuza II, ndipo mu June 2021 kudali zipolowe zomwe zidaphetsa anthu. Mabala ake sanapole. Wina akayamba yekha nkhaniyo, mverani, koma nthabwala za mfumu ndi akazi ake zomwe mumaseka nazo ku Johannesburg zisiyeni pa Oshoek. Osajambula nyumba za chifumu, asilikali kapena mwambo wa Incwala popanda chilolezo.

10. Masiku akatsala, ndi pobwerera

Ku Lobamba kuli nyumba ya malamulo, nyumba yosungiramo zakale ndi malo okumbukira Sobhuza II, zonse moyandikana, theka la tsiku likukwana. Ku Mantenga, m'chigwa cha Ezulwini, kuli mathithi ndi magule. Ofuna mikango, njovu ndi zipembere apite ku Hlane, kudzera ku Manzini kulowera kum'mawa, koma kumeneko ndi kuchigwa kotentha, tenganiko chodzitetezera ku udzudzu, ndipo simuyenda nokha pansi ngati ku Mlilwane.

Pobwerera, pewani Lamlungu madzulo ndi tsiku lotsiriza la tchuthi, mzere wa pa Oshoek umafika kunja. Matakisi a ku Johannesburg akwereni m'mawa ku Mbabane kapena ku Manzini. Wa pa windo akakudindirani, werengani deti lomwe walemba musanasunthe phazi, chifukwa limenelo ndi lomwe likulamulireni, osati lomwe inu mukuganiza. Ndipo emalangeni onse athereni mbali ya Ngwenya, ngakhale pa chimanga chootcha, chifukwa mukangowoloka palibe sitolo yomwe ingawalandire. Ine ndili nawobe 70 m'kabati.